Kumene Adapita Alongo Anga

Tidabadwa awiri okha kwa amayi athu, alongo anga ndi ine, ndipo iwo ndiwo adali oyamba. Mudzi wathu uli pakati pa Nsaru ndi Kabudula. M'zaka zimenezo, nkhani ya Chitaganya, yophatikiza dziko lathu ndi maiko ena awiri, itangoyamba kumveka, mudziwo udali wogawikana pawiri. Ena adali a kutchalitchi, ena a kudambwe, kumanda kuja kumene kumachokera zilombo za gule. Anthuwa ankalimirana, ankakwatirana, ankabwerekana makasu, koma pamaliro aliyense ankaonekera kuti ndi wa mbali iti.

Amayi adabatizidwa ali aakulu kale, bambo athu atamwalira, ndipo chipembedzocho adachigwira ndi manja awiri. Kuwerenga sankadziwa, komabe adagulitsa mtedza nkugula Baibulo. Ine ndinkawawerengera, poti ndidapitako kusukulu ya m'mudzi mpaka kudziwa kulumikiza mawu. Alongo anga nawonso adabatizidwa, koma atakula anzawo adawakokera kudambwe. Aphunzitsi athu, amene pakati pa sabata ankaphunzitsa ana ndipo Lamulungu ankalalikira, adalengeza m'tchalitchi kuti awachotsa mumpingo. Alongo anga adangoseka. Adati adzabwerera akadzayamba kuyendera ndodo. Chilimwe chotsatira adakwera lole ya olemba anthu ntchito, ulendo wa ku Halale, kumafamu a fodya.

Padapita zaka. Ine ndidakwatiwa nkubereka mwana wamkazi. Amuna anga kwawo kudali ku Nambuma, ndipo adabwera kudzakhala kwathu pachikamwini. Ankalima fodya wa chikopa, wofukiza ndi utsi m'balani.

Tsiku lina m'mwezi wa Malichi, fodya tikuthyola, padafika munthu wachilendo atanyamula kamtolo. Adali wamtali, woonda, wa msinkhu wa alongo anga. Dzuwa lidali loswa mtengo koma iye adavala jekete, atamanga mabatani onse. Adafunsa nyumba ya amayi, adakhala pansi pabwalo, ndipo adakana kunena chimene wadzera mpaka atsibweni athu ataitanidwa. Atsibweni atafika, mlendoyo adamasula kamtolo kaja. Mudali bulangete limene amayi adapatsa alongo anga ponyamuka, mbale yachitsulo ndi lamba.

Adati iye ndi alongo anga ankagona nyumba imodzi pafamu ya mzungu. Adati alongo angawo adadwala chibayo, sadakhalitse, ndipo anzawo ochokera kuno adawaika m'manda a pafamupo.

Amayi atayamba kulira, ine ndidamuyang'ana munthu uja. Maso ake adali pa bulangete. Nditapeza mpata ndidamufunsa kuti, "Nanga jekete lawo ndi nsapato? Adatumiza uthenga kuti adagula."

"Tidawaika nazo, achemwali," adatero, osandiyang'ana.

Mtima wanga udakana. Ndani amaika munthu ndi nsapato zatsopano kudziko la eni, amayi ake ali moyo kwawo? Ndidaganiza kuti jekete limene wavalalo mwina ndi lomwelo.

Tidalira maliro opanda mtembo. Aphunzitsi adabwera, adakhala pamodzi ndi amuna, adapepesa, koma nyimbo sadayambitse. Lamulungu lotsatira adalalikira za Gehena. Adati ndi moto wosazima, wokonzedwera amene adaidziwa njira nkuisiya. Adati tonse timadziwa m'mene mumakhalira m'balani moto ukakolera, kuti munthu amalowa mothamanga nkutuluka akutsokomola, ndiye tiganize za balani lopanda khomo. Dzina la munthu sadatchule, koma akazi amene adakhala pafupi ndi amayi onse adawerama.

Kuyambira tsiku limenelo amayi adasintha. Ankadya pang'ono. Utsi wa balani la amuna anga ukamabwera chakunyumba, ankanyamuka nkukakhala kuseri kwa nkhokwe. M'mawa wina ndidawapeza m'kanyumba kophikira atagwada pamafuwa, chala chili pamwamba pa khala la moto. Ndidawakoka dzanja.

"Mukutani, amayi?"

"Ndimafuna ndione kuti munthu angapirire mpaka pati," adatero. Adanena bwinobwino, ngati akunena za mtengo wa mchere.

Mlendo uja adali atachoka maliro atatha. Tidadabwa kumuona akubweranso mwezi usanathe. Adapempha amuna anga kuti awathandize ntchito ya fodya, azingodya ndi kugona. Manja adali ochepa, choncho amuna anga adavomera. Ntchito ankaigwira ndithu. Kuthyola, kusoka, kudula mitengo kudambo, zonse ankachita osauzidwa. Koma kusonkha moto m'balani ankakana. Ankati utsi umamudwalitsa chifuwa. Nkhuni ankazitula patali nkubwerera. Ndipo jekete lija sankavula, ngakhale podula mtengo.

Adayamba kumakhala ndi amayi masana pakhonde, akusenda mtedza. Poyamba ankawafotokozera za alongo anga, m'mene ankaseketsera anthu pakomboni, m'mene ankakanira ndiwo za nyemba zofumbwa. Amayi ankamvetsera ndi mtima wonse. Kenaka tsiku lina amayi adamuuza za ulaliki uja. Iye adalowa m'kanyumba kamene ankagona nkutuluka ndi mabuku awiri, lina la chilankhulo chathu, lina la Chingerezi. Adandiitana.

"Achemwali, tengani Baibulo lanu lomwelo. Langali musaligwire, mungadzati ndabwera ndi buku lonama. Ine ndizingokuuzani potsegula, inu muziwerenga."

Ndidakatenga. Adanditsegulitsa chakumayambiriro, pa nkhani ya bambo wokalamba amene ana ake adamunamiza kuti mng'ono wawo wajiwa ndi chilombo. Bamboyo adakana kutonthozedwa, adati adzatsikira kumanda kwa mwana wakeyo akulira.

"Kodi amayi, bambo ameneyu adali woipa?" adafunsa mlendo uja.

"Ayi, adali munthu wa Mulungu."

"Nanga bwanji akuti akupita kumanda? Sakunena za kumwamba, sakunena za moto. Akuti kumanda, kumene kuli mwana wake."

Adanditsegulitsa pena, pamene akunena kuti akufa sadziwa kanthu ndipo kumanda kulibe ntchito. Kenaka tidapita chakumapeto, pamene pali mawu akuti Hade, ndi pena pamene pali Gehena. Mawu awiriwa ndidali nditawawerengapo kangapo, koma ndinkawadumpha ngati mwala wa m'njira. Iye adatsegula buku la Chingerezi lija nkumaloza ndi chala.

"M'buku la Azunguli, m'malo ambiri amene ife tili ndi manda, kapena Hade, kapena Gehena, iwo adaika mawu amodzi okha, akuti helo. Mzungu akamva mawu amenewo amaona moto basi. Ndiye adabwera kuno moto uli kale m'mutu. Koma eni ake amene adalemba poyamba adali ndi mawu osiyana. Hade ndi kumanda komweko, kungoti m'chilankhulo china."

"Nanga Gehena?" adafunsa amayi.

"Chidali chigwa kunja kwa Yerusalemu kumene ankatayako zinyalala ndi mitembo ya nyama. Moto unkanyeka kumeneko kuti fungo lichepe. Dzala, amayi. Dzala la mzinda. Chimene mwataya padzala chimapsa nkutha, sichimva kuwawa."

Amayi adasiya kusenda. "Ndiye mukuti mwana wanga adamutaya padzala?"

Munthu uja adasokonezeka. Ndidaona kuti yankho limeneli sadaliyembekeze. Adafulumira kunena kuti ayi, alongo anga ali m'manda, akugona, sakumva kutentha kapena kuzizira, akudikira tsiku lodzutsidwa. Amayi adayambanso kusenda mtedza. Madzulo ake adadya bwino koyamba chichitikire maliro.

Ndikadayenera kukondwa, koma sindidakondwe. Ndinkadzifunsa kuti munthu ameneyu akufuna chiyani. Uthenga adapereka, katundu adatula, chidamubweza nchiyani? Munthu sayenda mtunda wonsewo kudzasoka fodya wa eni kuti adye chabe. Ndidaganiza za munda wa alongo anga umene udali utasanduka tsala. Ndidaganiza za mbuzi za amayi. Ndidayamba kumawerenga nkhope yake akamalankhula, ndipo ndidaona kuti nkhani ikafika pa matenda a alongo anga ankaidula msanga. Tsiku lina adati adadwala nthawi ya mvula. Tsiku lina adati kunkazizira.

Pamudzi nkhani idafala. Atsibweni, amene adali a kudambwe, adaseka atamva. Adati, "Ife takhala tikunena kuyambira kale kuti akufa ali kumanda. Lero buku lavomera eti?" Mawu amenewa atafika kwa a kutchalitchi, adati mlendoyo watumidwa ndi a gule kuti agwetse amayi. Koma a kudambwe atamvetsetsa kuti munthuyo akuti akufa sadziwa kanthu, kutanthauza kuti mizimu ya makolo siona ndipo siimva, nawonso adamuda. Ena adati ndi kazitape wa boma, wabwera kudzaona amene sakuunda migula m'minda monga mwa lamulo la malimidwe. Akazi kuchitsime adati ndi namapopa, ndipo zida zake amabisa m'jekete. Ana adaletsedwa kudutsa pakhomo pathu.

Ndidamufunsa ndekha ngati ali wa anthu aja oyenda ndi mabuku khomo ndi khomo. Adati adaphunzira nawo kufamu koma sadabatizidwe. Ngakhale yankho limeneli lidandionekera ngati la munthu woponda uku ndi uku.

Ndidaganiza zopita kwa aphunzitsi. Ndidawapeza kuseri kwa sukulu akukonza mpanda wa udzu. Adandipatsa mpando, iwo adakhala pachitsa, ndipo ndidawafotokozera zonse. Ndinkayesa akalipa, koma adamvetsera mpaka ndidatsiriza.

"Za chigwacho sadaname," adatero. "Ifenso tidaphunzira kusukulu ya uphunzitsi. Koma wakuwerengetsani zimene wasankha. Kodi wakutsegulirani nkhani ya munthu wachuma uja, amene pakhomo pake pankagona wosauka wa zilonda?"

Ndidati ayi. Adakatenga Baibulo lawo nkundipatsa kuti ndiwerenge ndekha. Munthu wachumayo adafa, ndipo ali m'Hade momwemo adakweza maso akuzunzika m'lawi la moto, nkupempha kuti wina aviike nsonga ya chala m'madzi adzaziziritse lilime lake.

"Mwaona? Hade yemweyo amene akuti ndi manda chabe. M'manda muli lawi?"

"Nanga bwanji, abambo, amene adatembenuza bukuli sadatembenuze mawu amenewa? Ena onse adawaika m'chilankhulo chathu. Awiri okhawa adawasiya. Akubisa chiyani?"

Masiku amenewo tidali titaphunzira kuopa mawu osamasuliridwa. Za Chitaganya zomwe zidabwera ndi mawu achilendo amene ankati nzabwino, ife osadziwa chili m'kati.

Aphunzitsi adati, "Dzina silitembenuzidwa. Nambuma mungamutembenuze kuti chiyani? Gehena ndi dzina la malo. Anthu adakhala pansi zaka zambiri, Azungu ndi akuluakulu athu, kufunafuna mawu. Pena adapeza, pena sadapeze. Akadalemba kuti dzala, mwana aliyense akadaseka, chifukwa dzala la kwathu nkhuku zimapalasapo. Ambuye potchula chigwa chimenecho sankanena za zinyalala. Ankachenjeza anthu."

"Ndiye alongo anga ali kumeneko?"

"Ine sindidatchule dzina la munthu."

"Koma aliyense adamva dzina."

"Kumene ali sindikudziwa, mayi. Amadziwa ndi Mulungu. Ine ndimalalikira amoyo. Tsiku lija m'tchalitchi mudali anyamata amene anzawo akuwanyengerera, ndipo ndinkalankhula ndi iwo." Adaimirira nkubwerera kumpanda wawo, kenaka adatembenuka. "Mlendoyo muchenjere naye. Munthu amene akukuuza zokhazo zimene ukufuna kumva, umufunse chimene akufuna iye."

Ndidachokako nditawakhulupirira theka. Zoti sadaganize za amayi polalikira sindidazivomere.

Kunyumba ndidafunsa amuna anga, amene adakulira kumpingo wa ansembe ngakhale sankapitapita. Adati kwawo sankavutika ndi mayina, ankangoti kumoto. Adati kulinso malo ena kumene munthu amapsa pang'ono kuti ayere kenaka nkutuluka, ndipo amoyo angathe kumupempherera. Ndidafunsa ngati malo amenewo ali m'buku lathu. Adati sadziwa, iwo adangophunzira pamtima. Sabata yomweyo ndidapita ku Nsaru kukagula mchere ndi sopo pakantini ya banja lina la Chisilamu. Mayi wa pamenepo tinkadziwana, ndipo adandipepesa za maliro. Nditamufunsa, adati kwawo amati Jahena, ndipo ndi moto weniweni, koma amene amadziwa olowamo ndi Mwini wake yekha. Ndidabwerera ndikutchula mawu awiriwo m'njira, Gehena ndi Jahena, ndikudabwa kuti anthu osapempherera pamodzi adawatenga kuti mawu ofanana chotere. Ndidapita kukafuna yankho limodzi, ndidabwera ndi mayankho ambiri.

Chimanga chitauma, amuna anga adatuma mlendo uja kukafukula chitsime cha kudimba chimene chidali chitagumukira. Ine ndidapita masana kukathyola mpiru, osadziwa kuti akadali komweko. Ndidamupeza ali m'dzenje, akuponya matope kunja. Jekete lidali pamtengo wa gwafa, malaya pomwepo. Dzanja lake lamanja, kuyambira pachigongono kukwera paphewa mpaka kumsana, lidali ndi khungu losalala, lotuwa, lokokana ngati chikopa chimene chaumira padzuwa. Aliyense amene adalerapo mwana pafupi ndi moto amachidziwa chipsera chotero.

Atandiona adafuna kutuluka kuti avale, koma ine ndidali nditaima pakati pa iye ndi mtengo uja.

"Mudapsa kuti, achimwene?"

Adayang'ana jekete lija pamtengo.

"Alongo anga sadafe ndi chibayo," ndidatero.

Adakhala pansi m'mphepete mwa dzenjelo, miyendo ili m'matope, ndipo adafotokoza. Adati mabalani a kumeneko si ngati athu. Ndi aatali, a njerwa, ndipo moto umasonkhedwa kunja, kutentha nkumayenda m'mapaipi achitsulo pansi pa fodya. Tsamba louma likagwera papaipi, balani lonse limayaka nthawi yomweyo. Tsikulo wosonkha moto adayenera kukhala iye. Koma kudali msonkhano wa anthu a mabuku aja pafamu ina, ndiye adapempha alongo anga kuti amugwirire. Pobwerera adaona kuwala. Alongo anga adali atalowa kuti atulutseko fodya, poopa kapitawo, ndipo mitengo ya m'mwamba idawagwera. Iye adalowa nkuwakoka mpaka pakhomo.

"Adafera pomwepo?"

"Ayi. Adakhala moyo mpaka m'mawa."

"Adalankhula?"

"Adapempha madzi."

Ndidakhala pansi pamzere wa mpiru. M'mutu mwanga mudabwera munthu wachuma uja wa m'buku la aphunzitsi. Ndidadziwa kuti amayi akamva mawu amenewa, palibe buku lililonse limene lingawachotse pamafuwa.

"Mudawapatsa?"

"Ndidawapatsa. Adamwa pang'ono."

Adati ponyamuka adali wokonzeka kunena zoona. Koma atafika nkuona nkhope ya amayi, pakamwa pake padatuluka chibayo. Atachoka, adamva kwa munthu wina pamsika za ulaliki uja ndi zimene amayi ankachita, ndipo adalephera kupitirira.

Ndidamufunsa kuti, "Za manda zija, zoti akufa sakumva kanthu, mumauza amayi kapena mumadziuza nokha?"

Adayang'ana m'dzenje. "Zili m'buku, achemwali. Mudawerenga nokha."

"Za munthu wachuma zilinso m'buku. Bwanji simudatitsegulire?"

"Limenelo ndi fanizo."

"Aphunzitsi akuti si fanizo chabe."

"Aphunzitsi sadaonepo munthu akupsa," adatero. "Ine ndidaona. Ndidamugwira ndi manja awa. Mulungu amene angachite zimenezo kwa munthu mpaka muyaya, ine sindingathe kumupempherera."

Ndidamupatsa malaya ake nkubwerera kunyumba wopanda ndiwo.

Ngakhale pamenepo kukayika sikudandithere. Chipsera chimanena kuti munthu adapsa, koma sichinena kuti adapsa akutani. Mboni padalibe. Mwina adalowadi kukakoka mnzake. Mwina adali pomwepo, adagona, moto nkulanda. Munthu amene wakunamiza kamodzi mokoma mtima, umadziwa kuti luso lonama ali nalo. Koma za munda ndi mbuzi ndidasiya kumuganizira.

Ndidauza amuna anga okha. Tidagwirizana kuti amayi asamve, ndiponso kuti munthuyo achoke tikatha kukolola, chifukwa pamudzi zinthu zidali zitafika poipa. Anyamata ena adali atamugenda kale pobwera kudambo. Amuna anga atamuuza, sadatsutse. Adatsazika amayi nkunena kuti akupita kwawo chaku Kasiya, adatchula mudzi wake, ndipo adati akakhazikika adzabwera kudzawaona. Amayi adamupatsa mtedza m'kathumba.

Akulu a mpingo adawaitana amayi kuti akafotokoze chifukwa chimene ankamvera chiphunzitso chachilendo. Ine ndidawaperekeza. Adawafunsa ngati akukhulupirirabe kuti moto ulipo. Amayi adati akukhulupirira. Adawafunsa ngati akuvomereza kuti akufa akugona. Amayi adati, "Za akufa onse sindidziwa, abambo. Ine ndili ndi mmodzi." Akulu aja adayang'anizana. Aphunzitsi ndiwo adati nkhaniyo ithere pomwepo, ndipo amayi sadapatsidwe chilango. Adapitiriza kupemphera monga kale. Ulaliki ukakhala wa moto ankakhala mpaka kumapeto, koma pobwerera sankalankhula ndi munthu.

Chinsinsi cha kufamu sichikhalitsa, chifukwa amuna a kwathu ambiri ankapita komweko. Patapita nyengo ziwiri za fodya, munthu wina wa mudzi woyandikana adabwera kuchokera ku Halale. Pamowa adasimba za mnyamata wa kwathu amene adapsera m'balani. Iye sadaone, adangomva kwa ena. Nkhaniyo idayenda mpaka kuchitsime. Amayi adabwera ndi mtsuko wopanda madzi, adautsitsa pakhonde nkundiitana.

"Iwe udadziwa?"

"Ndidadziwa, amayi."

"Adakuuza yekha?"

"Nditamukakamiza."

Adandifunsa zonse, ndipo ndidawauza za msonkhano uja, za mitengo imene idagwa, za chipsera. Adafunsa ngati mwana wawo adalankhula. Ndidati adapempha madzi ndipo adamwa. Ndinkaopa kuti abwerera pamafuwa, moti masiku amenewo sindinkawasiya okha pophika. Koma sadatero. Adakhala masiku angapo osandilankhula kupatula za ntchito. Kenaka m'mawa wina adagwira nkhuku yaikazi, adaimanga miyendo, nkuitana amuna anga.

"Apongozi, mupite ku Kasiya mukamupeze munthu uja. Mukamupatse nkhukuyi. Mukamuuze kuti abwere, ndikufuna ndione dzanja lakelo."

Sadanene ngati akufuna kumuthokoza kapena kumufunsa mlandu, ndipo ife sitidafunse. Amuna anga adabwereka njinga nkupita. Mudzi uja adaupeza, ulipodi. Koma anthu a kumeneko adati dzina limenelo salidziwa. Amuna anga adafotokoza maonekedwe ake, kutalika kwake, jekete, mabuku. Mayi wina adati munthu wotero adagonapo kamodzi kalekale nkupitirira chakumpoto. Wina adati ayi, amene uja adali wogulitsa mankhwala. Amuna anga adafunsa m'midzi ina iwiri yapafupi, osaphula kanthu, ndipo adabwera mawa lake nkhuku ili pakeliyala.

Amayi adamvetsera zonse. Adamasula nkhukuyo miyendo, idayenda motsimphina kupita kwa zinzake. Kenaka adafunsa amuna anga ngati adya, nkundiuza kuti ndiwatenthetsere madzi osamba.